Makosi a Ziguduli za ku Simonga

1964

M'chaka cha 1964 ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dziko la Zambia linalandira ufulu, ine ndinalandira ntchito. Za ufuluwo munaphunzira kusukulu. Za ntchito yanga palibe amene adzakuphunzitseni, choncho werengani. Ndikulembera inu ana anga, makamaka inu amene munakula mukufunsa chifukwa chimene amalume anu a Mubita sankapondera pakhomo pathu.

Bambo anga anachokera ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito ya njanji muno mu Livingstone. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndipo sindichita nazo manyazi. Kusoka ndinaphunzira pakhonde la sitolo ya mmwenye. Ntchito yanga yoyamba inali ya utelala pa mishoni ya ansembe achizungu kunja kwa tauni, kusoka mikanjo, mayunifomu a ana asukulu ndi nsalu za paguwa. Bwana wanga anali Bambo Kiliyani, mzungu wokalamba, wamtali, wa ndevu zofika pachifuwa. Anthu ankanong'ona kuti ba Fada ali ndi nsabwe, chifukwa tsiku Lachisanu lililonse ankayenda akugwedeza mapewa ngati munthu amene nyerere zamulowa m'malaya.

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho ndinasoka timbendera ta ufulu mpaka miyendo kutupa. Kutentha kwake mukukudziwa, phula limasungunuka mumsewu. Chikondwerero chitatha, Bambo Kiliyani analowa m'chipinda changa chosokera ndi kamtolo kokulunga m'pepala. Chinyanja chawo chinali cha m'mabuku. Anati, "Lazaro, chingwe cha paphewa chaduka. Konza. Usaonetse munthu." Atatuluka ndinamasula. Ndinaganiza kuti andipatsa chopukutira mapazi cha pakhomo! Chinali chinthu chakuda, chaubweya wa mbuzi, cholasa ngati chitedze. Nditachitambasula ndinaona kuti chili ndi khosi ndi zingwe zomangira m'mbali, ngati vesiti yopanda manja. Chifundo chinandigwira. Ndinati mumtima, atelala a kwawo kwa mkuluyu ndi mbuli, angamusokere bwanji munthu chovala chopanda nsalu yam'kati? Ndinakonza chingwecho, kenako ndinatenga nsalu yoyera yofewa imene inatsala pa nsalu za paguwa n'kuyala m'kati monse. Msoko wake unali waung'ono ngati mapazi a nyerere. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake anandiitana. Anali atachigwira m'manja, nkhope ili psuu. Ndinaganiza kuti ntchito yatha. Kenako anaphulika kuseka mpaka kutsokomola.

"Lazaro, wandiphera chovala changa!"

"Bambo, ndachikonza. Chinali kulasa."

"Kulasako ndiyo ntchito yake!"

Anandikhazika pansi. Anati kwawo chovala chimenecho amachitcha silisi, dzina lochokera ku dziko limene Paulo Woyera anabadwira, kumene mbuzi zake zinali ndi ubweya wouma. Anatsegula Baibulo la Chinyanja n'kundionetsa mawu athu, chiguduli, chimene mafumu ndi aneneri ankavala polapa, atadzithira phulusa kumutu. Bambo Kiliyani ankachivala m'kati mwa mkanjo Lachisanu ndi nyengo ya Lenti, kuti thupi lizikumbukira kuti si ndilo bwana. Ndinafunsa ngati sangangolapa ndi pakamwa monga tonsefe. Anati pakamwa pamaiwala msanga, khungu siliiwala. Ndinasolola ulusi wanga wonse pamaso pawo. Koma anavomera okha kuti msoko wotero anali asanauone, ndipo zimenezo muzilembe.

Madzulo ndinawafotokozera bambo anga. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Chiguduli ndi saka basi. Ife tinkavala masaka m'minda ya azungu chifukwa tinalibe malaya. Mzungu ali ndi malaya, koma akufunafuna saka. Dziko ili!"

1969 mpaka 1976

Bambo Kiliyani anabwerera kwawo mu 1969, silisi wawo ali m'sutikesi. Ansembe achinyamata amene anabwera ankavala mashati a manja aafupi, mikanjo inachepa, ntchito yanga nayo inachepa. Ndinalowa fakitale ya zovala m'tauni. Kapitawo wathu tinkamutcha Bwana Fulumira, chifukwa mawu ena analibe. Tinkasoka makhaki a ogwira ntchito za boma, kenako masuti a safari, pamene bwana aliyense m'dziko muno anafuna kuoneka ngati akuluakulu a chipani. Kolala ya safari ndinkaiika ine ndekha. Ena ikawavuta ankabwera nayo kwa ine. Mu 1970 ndinakwatira mayi anu, Inonge, mwana wa Alozi a ku Simonga.

Malire a dziko atatsekedwa pa mlatho wa pa Zambezi mu 1973, zinthu zinayamba kusowa chimodzichimodzi. Alendo odzaona mathithi anatha. Ulusi unasowa, mabatani anasowa, singano inasanduka golide. Inu a masiku ano singano ikapindika mumataya. Ine ndinkaiwongola ndi kanyundo pamwala, n'kuinola pa botolo losweka. Mu 1976 fakitale inachotsa anthu, ine m'gulu lomwelo. Sindinalire. Ndinagula makina akale opalasa ndi mwendo, ndinadula khadi la chipani chifukwa popanda khadi malo pamsika sunkawaona, n'kukhala pakhonde pamsika wa Maramba. Kuyambira pamenepo bwana wanga ndinali ine.

Chaka chomwecho mlamu wanga Mubita, mchimwene wa mayi anu, anatulukira pamsika ndi njinga yosenza mtolo wa masaka. Ndikuuzeni za munthu ameneyu. Anali wosonkhezera moto m'sitima, wamapewa otambalala, wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje. Anadwala chifuwa mpaka anthu kuyamba kukonza maliro, anadzuka, nati Mulungu wamubweza kuti akauze anthu alape. Anasiya njanji n'kuyambitsa kampingo ku Simonga, poyamba pansi pa mtengo, kenako m'tchalitchi cha dothi chofolera malata. Chaka chilichonse mu Novembala, mvula isanagwe, anthu ake ankachita sabata ya kulapa. Ankavala masaka pakhungu penipeni, phulusa kumutu, osadya mchere, kupempha chikhululukiro ndi mvula. Ine ndi iye tinkagwirizana kwambiri. Tinkakangana za Baibulo mpaka tiyi kuzizira, koma tsiku la ukwati wanga ndiye anandiimirira pamene akulu ena ankati mlongo wake asapite kwa Mnyasa.

Anatsitsa mtolowo pamapazi anga. "Ba mulamu, nifuna munisokele aya."

"Ndine telala ine, si wa chigayo."

"Awe, aya ni ya Mulungu. Timaboola na mpeni, manje yamang'ambika sabata ikalibe kusila. Muzimai wina saka inamusiya pakati pa pemphelo, mwandi, tinavala nsoni tonse."

"Ndiye mukufuna ziguduli."

"Vichani?"

"Ziguduli. Ndi mmene Baibulo limanenera."

Anabwereza mawuwo akumwetulira ngati mwana wopatsidwa switi. "Chi-gu-du-li! Limveka monga bingu!" Lamulungu lotsatira analalikira mawu amenewo mpaka dzuwa kupendeka. Koma dzinalo silinapite patali. Iye mwini ankakonda kunena kuti malaya a misozi, ndipo ana a mumsewu ankangokuwa kuti, "Ba Masaka! Ba Masaka!"

Kasokedwe kanga kanali aka. Saka ndinkalizondotsa, kukamwa kwake kuloze pansi, thako lake likhale pamapewa. Pakati pa thakolo ndinkadula bowo lozungulira la khosi, m'mbali timizere tiwiri ta manja. M'mphepete sindinkapinda, ndinkangokulunga ndi twaini kuti zisasosoke. Nsalu yam'kati ayi! Phunziro limenelo ndinali nditalipira kale. Chilichonse ndinkachiika chizindikiro cha mwini wake ndi ulusi wamtundu. Ndipo telala weniweni sataya chidutswa. Timizere ta m'manja ndinkasungira kukonza zong'ambika. Zozungulira za m'khosi zinalibe ntchito, koma dzanja langa linkakana kuzitaya, ndiye zonse zinkalowa m'chitini cha palafini pansi pa bedi. Mayi anu ankandidandaulira chaka ndi chaka. "Ba Mbewe, vigamba ivi ni va chani? Musungila makoswe nyumba?" Ndinkangoti, "Zisiye."

Ine ndinakhalabe Mkatolika, koma sabata imeneyo sindinkaiphonya. Mukanaona! Mzere wa anthu kuchokera kutchalitchi kutsikira ku Zambezi, onse ofiirira ngati nthaka, phulusa likuuluka, nyimbo za Chilozi zikugunda pachifuwa, Mubita patsogolo ndi ndodo. Ndipo palibe chiguduli ngakhale chimodzi chimene chinamusiya munthu panjira. Chaka china tcheyamani wa chipani anabwera ndi anyamata ake atakwiya. Ankaganiza kuti anthu akunyoza boma chifukwa nsalu zinasowa m'masitolo. Anakuwa kuti, "Mufuna bazungu bakope vithunzi, bakakambe ati Zambia ivala masaka?" Mubita sanakangane naye. Anamupempha avule shati ayese chimodzi. Munthu uja sanamalize ngakhale Atate Athu. Anachivula akudzikanda ngati galu wa utitiri, nati, "Imwe muli na vuto na Mulungu, osati na boma." Sanabwerenso.

1988

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndatengera cholembera.

Dziko lathu lino ndi louma, mukudziwa. Koma chaka chimenecho mvula inagwa bwino, ndipo Simonga inakolola chimanga chimene nkhalamba zinati sizinachionepo. Ogula chimanga anatumiza uthenga kuti aliyense atongole, asonkhanitse pamalo amodzi pafupi ndi msewu, lole ibwera ndi masaka opanda kanthu. Anthu anatongola mpaka zala kusupuka. Anathira pabwalo la tchalitchi, pa mphasa ndi pa nthaka yotsira ndi ndowe, banja lililonse mulu wake, milu n'kukhudzana mpaka kukhala ngati chulu chimodzi choyera. Julayi anatha, lole osabwera. Ogasiti, Sepitembala, Okutobala. Masaka anali atasowa m'dziko monse. Pamsika saka lopanda kanthu linkaposa shati. Ndipo chimanga chotongola sichibwerera m'nkhokwe, chimangodutsa m'mipata. Anthu anadzaza migolo, mitsuko, mabeseni, ngakhale bokosi la zovala, koma chulu chija chinangokhala chilili, chofunditsidwa udzu, amayi akusinthana kuthamangitsa mbuzi. M'menemo munali chakudya cha chaka chonse ndi fizi ya ana. Munalinso chimanga cha agogo anu.

Mu Novembala ndinapita ndi mayi anu monga mwa chizolowezi, makina ndi chitini changa zili pa ngolo ya ng'ombe, kukakonza ziguduli sabata ya kulapa isanayambe. Inkayamba Lamulungu. Loweruka m'mawa ndinali pakhonde la tchalitchi, ziguduli zitaunjikana pambali panga, chulu cha chimanga chili patsogolo panga. Mukuona? Masaka apa, chimanga apo, ine pakati ndi singano. Sindinali woyamba kuganiza zimenezo. Mudzi wonse unali utaganiza kwa miyezi, koma palibe amene analimba mtima kutsegula pakamwa pamaso pa Mubita.

Dzuwa litafika pamutu mphepo inaima. Nkhuku zinatsegula milomo. Kenako kumadzulo, cha kumtunda kwa mtsinje, kunadzuka mtambo wakuda bii, ndipo kamphepo kanabwera ndi fungo lija la dothi lonyowa. Amayi anayamba kuthamanga uku ndi uku opanda chogwira. Wina anagwada pa mulu wake n'kuufungatira ndi manja ngati mwana.

Pamenepo ba Namakau anayenda kubwera pakhonde. Anali mayi wamasiye, wamng'ono thupi, wolera adzukulu anayi. Anafufuza pa mulu wa ziguduli, anapeza chake cha ulusi wobiriwira, n'kuchiika pa makina anga.

"Ba Telala, valani khosi iyi."

Ku Livingstone kuvala ndiko kutseka, ndipo ndinamva bwino lomwe zimene ankafuna. Ndisanayankhe, Mubita anatuluka m'tchalitchi.

"Ba Namakau, bwezani chija."

"Ni changa, ba Busa. Ninagula neka saka iyi."

"Munaipeleka kwa Mulungu. Chopelekedwa sichibwelela ku chigayo." Anatembenukira kwa anthu, mawu aja a m'sitima n'kutuluka. "Muziba vili mu masaka aya? Thukuta ya uchimo! Wachigololo analililamo, wakuba analililamo, wa mankhwala oipa analililamo. Vonse vinangena mu ulusi. Manje mufuna kufakamo chakudya cha bana? Zaka zonse tipempha mvula na malaya aya. Lelo Mulungu ayankha, ise tivule? Mailo tizaimilila pamenso pake na chani?"

Musaganize kuti ankalankhula zopusa. Anthu anazizira. Ine ndemwe ndinaona mabala a pamapewa a anthu amene anavala ziguduli zimenezo, ndinamva kulira kwawo. Zina zinali za anthu amene anamwalira kale.

Ndinati, "Alamu, saka ndi saka. Ndine ndinalidula. Mabowo ndi atatu basi."

Anabwera pafupi, nalankhula motsitsa kuti ena asamve. "Ba mulamu, nimukondani. Koma nyeleti yanu ikalasa apo, nchito yanu pano yasila. Mulongo wanga azibwela yeka. Imwe pakhomo panga ayi, ine pakhomo panu ayi, mpaka manda."

Nyeleti ndiyo singano, ndipo Mubita sankaopseza. Akanena chinthu chinkakhala chomwecho. Ndinayang'ana mayi anu. Anali ataima pakati pa mchimwene wawo ndi ine, maso pansi. Ndinaika phazi pa chopondera, koma linakana kuyenda. Ndinakumbukira Bambo Kiliyani. Kamodzi ndinali nditawononga kale chovala cha munthu wa Mulungu pofuna kumuchitira chifundo, ndipo tsiku lija anandiseka chifukwa ndinali mwana wosadziwa. Tsopano ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndinkadziwa chimene ndikuwononga, ndipo palibe amene akanaseka.

Bingu linagunda kutsidya. Mdzukulu wa ba Namakau analira.

Ndinakhuthula chitini pansi. Zigamba zozungulira zija zinagubuduzika khonde lonse ngati zitumbuwa. Ndinatola chimodzi, ndinachiika pa khosi la chiguduli cha ba Namakau, chinalowa ndendende ngati chinatuluka dzulo! Pansi pake ndinayala chidutswa cha khaki kuti msoko ugwire. Kachiwiri m'moyo wanga ndinaika nsalu m'kati mwa chiguduli. Ndinaponda.

Ana inu, makina aja analira tsiku limenelo! Kuzungulira khosi, kudula ulusi, dzanja lamanja, dzanja lamanzere, kuponya. Ba Namakau anawakha sakalo lisanagwe pansi, nathamanga nalo ku mulu wawo akuimba nthungululu. Nditatukula mutu, chiguduli chachiwiri chinali kale pa makina. Chinali cha ulusi wofiira. Chinali cha mayi anu. Sanandiyang'ane. Anangogwada n'kuyamba kutola zigamba, nandipatsira chimodzichimodzi, zigamba zomwe zija za makoswe.

Basi, khonde linasefukira. Aliyense ankafufuza chake, akukuwa mtundu wa ulusi wake. "Yanga ni ya buluu!" "Iwe, iyo ni ya amuna banga!" Singano yoyamba inathyoka pa saka lachisanu ndi chiwiri. Ndinaika ina. Khaki anatha, ndinang'amba shati yanga. Mkulu wina anavula jekete lake la ukwati nati, "Dulani, ba Telala, ukwati unasila kalekale!" Amayi amene anali ndi singano zazikulu za masaka anakhala pamzere n'kumatseka manja ndi twaini, ine ndikungothamanga ndi makosi. Pabwalo amuna ankatunga chimanga ndi mabeseni, ndi ndowa, ndi zisoti, kuthira, kugwedeza, kumanga, kuponya paphewa. Atafika pakhomo la tchalitchi ndi saka loyamba anaima, chifukwa Mubita anali pamenepo. Malo ena a malata m'mudzi munalibe. Mubita anawayang'ana. Kenako anapatuka. Anabwera pakhonde, anatenga chiguduli chake cha ulusi wakuda pansi pa mulu, anavula shati pamaso pa anthu onse n'kuchivala. Anatapa phulusa pa mafuwa, anadzithira kumutu, anapita pakati pa bwalo, anatukula manja n'kuyamba kupemphera mokuwa m'Chilozi. Anthu ankamudutsa mbali zonse ndi masaka pamapewa, wina osamukhudza.

Mphepo inanyamula udzu wonse wa pa chulu. Kunada ngati madzulo. Mwendo wanga unachita dzanzi, ndinasintha wina. Lamba wa makina anaduka, ndinamanga ndi waya, anadukanso, ndinauza mayi anu azizunguza gudumu ndi dzanja. Anazunguza mpaka chikhatho kutuluka matuza. Singano yomaliza inathyoka kutatsala makosi awiri, ndinawatseka ndi dzanja, magazi a chala changa ali pa saka. Dontho loyamba linagwa pa malata ngati mwala. Amuna anathamanga ndi masaka omaliza mvula ikuwamenya kumsana, ndipo wotsiriza atalowa, kumwamba kunatseguka.

Tinaima m'tchalitchi, tili mbuu ndi fumbi la chimanga, tikupuma ngati ng'ombe. Masaka anali ataunjikana mpaka pa mazenera. Wina anayamba kuseka, ena n'kutsatira, amayi akukumbatirana. Ba Namakau anakhala pa saka lawo n'kumalisisita. Koma amene tinali pakhomo sitinaseke nthawi yaitali. Tinkaona chimanga chotsala chikuyandama m'madzi ofiira kulowera kumsewu. Ndipo pakati pa bwalo panali Mubita yekha, manja m'mwamba, phulusa likutsika kumaso ngati phala, chiguduli chitamamatira pathupi.

Lamulungu sabata ya kulapa inayamba anthu ali m'zovala zawo za masiku onse, atakhala pa masaka. Mubita analalikira atavala chake. Dzina langa sanalitchule. Ine ndinakweza makina pa ngolo. Lole ya ogula chimanga inafika Khirisimasi itapita, ndi masaka atsopano onunkhira bwino.

1991

Mubita anasunga mawu ake. Chimanga cha m'masaka amenewo sanadyeko ngakhale njere, chaka chonse anadya mapira opempha kwa achibale, ngakhale kuti mkazi wake ndi ana ankadya. Mpingo unagawanika. Ena anatsala naye n'kugula masaka atsopano pamene anayamba kupezeka, ndipo anawaboola ndi mpeni ngati kale. Ena anapita kumipingo ina. Tikakumana m'tauni ankavula chipewa, ine n'kuvula changa, aliyense n'kupitiriza ulendo. Mawu ayi. Chifuwa chija chinabwerera mu 1991, ndipo nthawi imeneyi sanadzuke. Anamuika m'manda atavala chiguduli chake, monga analamulira. Ndinaima kutali pansi pa mtengo wa mupani. Pamene ankatseka bokosi ndinasendera. Twaini wa m'khosi anali asanasosoke.

Pobwerera ndinafunsa mayi anu funso limene ndinalisunga zaka zitatu. Chilozi changa ndi cha moni chabe, ndipo mvula inkasokosa. Ndinati, "Tsiku lija pabwalo, ankapempha chiyani? Kuti mvula iime, kapena kuti indikanthe?" Tinayenda pang'ono. Kenako anati, "Sanakambe va mvula. Anali kukamba ati, Ambuye, uyu ni mulamu wanga, mulandu uyu muufake pali ine."

Musandifunse ngati ndinalakwa. Mtambo uja utabweranso ndingapondenso makina. Ana a ku Simonga anadya mpaka kukolola kwina, ndipo palibe amene anadwala ndi machimo a m'saka. Koma munthu wosunga zidutswa amadziwanso kuwerenga zimene zinapita, ndipo ndi izi. Ziguduli makumi asanu ndi zitatu. Chimanga pafupifupi theka la chulu, chimene chinamera ndi kununkha mpaka nkhumba kuchikana. Singano zinayi, zonse zimene ndinali nazo. Lamba wa makina, shati yanga, ndi jekete la ukwati la mkulu uja. Ntchito ya zaka khumi ndi ziwiri. Mlamu mmodzi.

Titasesa khonde tsiku lija, panatsala chigamba chimodzi chozungulira chopanda khosi loti chitseke. Chili m'chitini pansi pa bedi. Ndikadzafa musachitaye.